Njati Pakati pa Mibawa Iwiri

Kalekale, agogo a agogo athu asanamere mano, nyama zinali ndi mpira wawo. Ana inu sunthirani pafupi, poti mawu anga ndi ochepa. Akuluakulu, ndikaphonya mundikonze.

Mpira wake sunali uwu wa miyendo ayi. Unali wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Unkaunyamula nkuthamanga nawo, anzako nkumakugwetsa, khu! Ukadutsa nawo pakati pa mitengo iwiri ya kumapeto kwa bwalo, ndiye kuti wagoletsa.

Pafupi ndi dziwe panali mlambe. Pa mlambepo ankalembapo mayina a akatswiri, wopambana onse pamwamba, enawo kumatsika choncho. Mwambo unali wakuti m'chilimwe, madzi akatsala m'dziwe limodzi, woyamba kumwa ndi mwini dzina la pamwamba. Pamwambapo panali Mphalapala, amene anamwalira kale. Ndiye poti wakufa samwa, ankatunga chikho chimodzi nkuthira pansi. Kenako ana nkumwa, kenako akuluakulu.

Wolemba mayinawo anali Gologolo, chifukwa ndi yekhayo anapondako kusukulu.

Chaka china kunawala dzuwa loswa mtengo. Dziwe linachepa, linachepa, mpaka kutsala ngati lichero. Tsiku lina m'mawa nyama zitasonkhana kuti zimwe, kunafika Njati, katswiri wa masiku amenewo. Njati sankangomwa madzi. Ankalowamo, nkugona, nkugubuduka, otsalawo nkusanduka phala la matope.

"Iwe kamlembi," anatero Njati, "kwera ufufute wakufayo, ulembe ine."

Gologolo anayang'ana ana ake atatu. Milomo yawo inali itang'ambika ndi ludzu.

"Zikomo bambo, koma ine ndimangolemba zimene onse agwirizana."

"Onsewo ndi awa. Ine ndagoletsa ka makumi anayi. Mphalapala wanuyo kangati?"

"Khumi ndi kawiri," anayankha Njiri wokalamba wa dzino limodzi, amene anasewerapo ndi Mphalapala. "Koma ife tinkasewera mwezi umodzi pachaka. Inu mumasewera mpaka mvula ikuthamangitseni."

"Munkasewera ndi timbuzi tanjala."

"Tinkasewera mutu uli pamtunda, mwana iwe. Inu chipanda kumutu, thonje m'mapewa, ngati mtsamiro ukuyenda."

"Nchifukwa chake mano anakutherani, madala."

Basi mkangano buu. Mbalame zikuti wakale, anyani akuti watsopano. Wina akuti tiwerenge zigoli, wina akuti tiwerenge zipsera. Dzuwa likukwera, dzuwa likukwera, palibe wamwa.

Njati anaponda pansi, di!

"Dzuwa likafika paliwombo dzina langa likhale pamwamba. Apo ayi ndikuponda iwe, ndipo m'dziwemo ndilowabe."

Gologolo anaganiza. Akalemba, ana amwa matope. Akapanda kulemba, ana atsala amasiye, nkumwabe matope. Anatola khala lolembera, linagwa. Anatolanso, linagwanso. Kenako anayankhula.

"Bambo, ine ndikuona kuti wopambana ndinu. Koma a Njiriwa azing'ung'udza mpaka kumanda. Kusukulu anatiuza kuti zinthu ziwiri uziyeza ndi muyeso umodzi. Bwalo lakale lija likadalipo kuseri kwa chulu. Mphalapala ankadutsa pakati pa mibawa iwiri ya kumapeto kwa bwalolo ali pa liwiro, mpira uli kukamwa. Inu mukadutse kamodzi kokha, onse aone, atseke pakamwa."

"Pamene paja?" anatero Njiri. "Tinkadutsapo awiri mogundana mapewa, malo nkutsala."

"Awiri? Ndiye ine ndidutsa nditatsinzina," anatero Njati.

Apa mpamene ine ndimadabwa nthawi zonse. Njiri sananame ayi. Kungoti anali asanapiteko zaka makumi atatu, ndipo anaiwala kuti mitengo imanenepa. Gologolo ankadziwa, poti ankadutsako pofuna chakudya. Mpatawo anauyezapo ndi mchira wake: michira isanu. Koma mimba ya Njati anali asanaiyezepo. Ndani angayeze mimba ya Njati?

Ndiye ulendo unayambika. Njati patsogolo, Gologolo pambuyo, kuyeza ndi maso. Michira isanu? Inayi ndi theka? Ikakhala inayi ndi theka, zonse zatha. Panjira anapeza bango lauwisi m'khwawa louma.

"Idyaniko bambo, mupeze mphamvu," anatero Gologolo.

Njati anadya, anadya, anadya.

"Apo patsala kena, bambo."

Njati anadyanso.

Atafika pabwalo lakale, anyani anamuveka chipanda kumutu, nkumupakira thonje m'mapewa, nkumupatsa mpira kukamwa. Njati anabwerera m'mbuyo kutali. Kunali zii. Gologolo anakwera pa nthambi ya mbawa, nkudziphimba kumaso ndi mchira.

Didididi! Fumbi koboo. Atayandikira, Njati anaona kuti mpata uja si wa awiri. Koma nyama zonse zinali kuyang'ana, ndiye aima bwanji? Anapendeketsa mutu, nyanga zinadutsa. Mapewa anadutsa, thonje lili mbwee. Kenako mimba, phi!

Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Miyendo ikungopalasa, ikungopalasa. Mpira unagwa nkugubuduka wokha.

Gologolo anasuzumira pansi.

"Mwadutsa theka, bambo. Ndikalembe theka la dzina?"

"Pachepa apa. Mitengo yakula iyi. Nthawi ya Mphalapala tinali timitengo ngati ndodo."

"Mukutanthauza kuti bwalo la kale ndi la lero si limodzi?"

"Si limodzi. Sukuona?"

"Pepani bambo, ine mutu wanga ndi waung'ono. Ndiye inu ndi Mphalapala tikuyezeni bwanji?"

"Simungatiyeze, chitsiru iwe. Ndani angayerekeze za kale ndi za lero? Ndichotseni pano."

Gologolo anatembenukira kwa nyama zija.

"Mwamva nonse? Katswiri wanena yekha kuti sangayezedwe. Ine zosayezedwa sindingalembe."

Njiri anali akuzungulira mibawa ija, kuinunkhiza.

"Komatu tinkadutsa awiri," anatero. "Kapena tinali owonda?"

Dzuwa linafika paliwombo. Nyama zinabwerera kudziwe. Zinatunga chikho chimodzi nkuthira pansi, cha Mphalapala. Ana a Gologolo anamwa, anamwa, mpaka timimba ndii. Gologolo naye anamwa pang'ono.

Njati anakhala pamenepo masiku awiri. Ankamutengera madzi m'chikho, chimodzi m'mawa, chimodzi madzulo. Bango lija litaphwa, anyani anamupaka therere m'nthiti nkumukoka mchira, tsopu! Anachoka osatsanzika. Chilimwe chonsecho ankabwera kudziwe nyama zonse zitamwa, ndipo wina akayambitsa za akatswiri, iye ankati, "Zimenezo nzovuta kuyerekeza."

Yanga yathera pa mibawa pomwepo. Wina wa inu akadzafuna kupikisana ndi wakufa, ayambe wayeza mimba yake. Amene anaika mbatata pamoto aphule, ikupserera.