Mwana Amene Anagulidwa ndi Nkhuku Imodzi

Kalekale, m'masiku amene mabasi ankauluka ndipo anthu ankapita kumwezi kukagwira ganyu, pamsika wa Kansonga panafika wamalonda ndi katundu wotchipa mochititsa mantha. Ankagulitsa ana. Ana opangidwa kufakitale, chitsulo m'kati, khungu lofewa kunja. Mtengo wake nkhuku imodzi. Imodzi yokha, ngakhale yosaikira.

"Sadya, sadwala, sakula!" ankakuwa motero. "Mukangomukhazika padzuwa, wakhuta!"

Katundu akatsika mtengo chotero, munthu wanzeru amafunsa chimene chavuta. A Chidothi sanafunse.

A Chidothi anali mkamwini m'mudzi wa akazi awo, a Nazimbiri. Munda unali wa akazi. Malo anali a akazi. Iwo anabwera ndi bulangete ndi pakamwa, ndipo pakamwapo ndi pamene ankagulitsira mbuzi. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, mwana osaoneka. Choncho anapereka nkhuku, natenga kamnyamata kolekeza m'chiuno. A Nazimbiri anakafungatira, anakasambitsa ngakhale kanalibe litsiro, nakapatsa dzina la malemu bambo awo: Sinoya.

Mwana anali wabwino. Ankasesa, ankatunga madzi, ankaseka mukamuseketsa. Chimene wamalonda uja sanatchule chinali chimodzi: Sinoya sankatha kunama.

Tsiku la msika, a Chidothi anapita naye kukagulitsa mbuzi.

"Iyi ndi yanthete, bwana, sinaberekepo!"

"Ababa, si iyi yabereka kasanu?"

Wogula anachoka. Kunabwera wina.

"Taonani mimba, akulu! Kunenepa kumeneku n'kwa msipu!"

"Ababa, si madzi amchere aja mwaimwetsa m'mawa?"

Nayenso anachoka. Kunabwera wachitatu.

"Mukatsitsa kuposa pamenepa ndiluza, ndikulumbira pali amayi anga!"

"Ababa, dzulo munaigula theka la pamenepo. Ndipo agogo ali moyo, musawalumbirire."

Misika itatu mbuzi zinabwerera kukhola. A Chidothi anafunafuna wamalonda uja kuti abweze katundu, koma pamalo pake anapeza mayi wogulitsa tomato. Ndiye m'mawa wina anakwera ndi mwanayo basi youluka, anadumpha mapiri atatu, natsika padepoti ya pa Chimwala, kumene kunalibe wowadziwa.

"Khala pabenchi ili. Ndikukagula zitumbuwa. Usatsike mpaka nditakuuza ineyo."

"Chabwino, ababa. Musankhe zotentha."

A Chidothi anazungulira kuseri kwa golosale, nakwera basi yobwerera.

Kunyumba anafika akupukuta thukuta. "Mayi, tachita mwayi! Akuluakulu a sukulu ya kumwezi amuona nzeru zake, amutenga pompo. Nthawi yotsanzika inalibe."

A Nazimbiri analira, kenaka analuluta, kenaka analiranso. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse a Chidothi ankatulutsa foni n'kuwerenga uthenga wochokera kwa mwana. Mauthengawo anali ofananafanana. "Amayi, ndili bwino. Kuno kukuzizira. Mukapha nkhuku, chiwindi muziwapatsa ababa." Ndipo chiwindi ankadya a Chidothi.

Chaka chotsatira a Nazimbiri anaima, nabereka mwana wamkazi, Felesiya. Felesiya anakula akuloza kumwamba n'kumauza anzake kuti achimwene ake ali uko. Zaka makumi awiri zinatha chotero.

Nanga Sinoya? Sinoya anakhala. Mvula inabwera, anakhala. Fumbi linabwera, anakhala. Anthu achifundo ankamuuza kuti tiye kwathu, iye n'kuyankha kuti, "Ababa akubwera." Atazindikira kuti kamnyamatako sikanama, anthu a padepoti anayamba kukafunsa zonse: ngati usipa ndi walero, ngati sikelo ya mtedza ili bwino, ngati dalaivala walawa kachasu. Anakamangira denga la malata, n'kusiya mpata wolowera dzuwa. Mwana wina wamasiye, Yotamu, ankagona pansi pa benchilo. Sinoya anamuphunzitsa kuwerenga, ndipo Yotamu ankamutcha achimwene mpaka atamera ndevu n'kukhala dalaivala wa basi.

Basi ya Yotamu inkatera ku Kansonga Lachiwiri lililonse, pomwe Felesiya ankagulitsa nthochi. Yotamu anagula nthochi, anagulanso nthochi, mpaka anafunsira mbeta.

Apa ndiye panavuta. Pachinkhoswe, mkazi amaimiridwa ndi amalume ake kapena mlongo wake. A Nazimbiri analibe mlongo.

"Nkhoswe wa mwana wanga ndi Sinoya," anatero. "Muuzeni atsike. Akapanda kubwera, chinkhoswe palibe."

"Mayi, mayeso ali pafupi..."

"Zaka makumi awiri mayeso? Akulemba ndi phazi?"

A Chidothi anasowa mtendere. Kukatenga weniweniyo? Akanaulula zonse basi isanatere n'komwe. Ndipo mkamwini akagwidwa ndi mlandu wotere, sakhala pansi kukambirana. Amapinda bulangete. Nyumba ya njerwa, mango amene anabzala, khola la mbuzi, zonse zimatsala ndi eni nthaka.

Ndiye anapita kuchigayo cha kutsidya, nabwereka chimakina chimene chinkalandira makasitomala. Chinali chachitali ngati chitseko, chotuwa ndi ufa, ndipo chinkadziwa mawu atatu okha. Tsiku la chinkhoswe anachiveka suti, anachiveka chipewa, nachikhazika pampando wa nkhoswe.

A Nazimbiri anachizungulira kawiri. "Mwana wanga anali wolekeza m'chiuno."

"Kumwezi amawawonjezera, mayi."

"Sinoya, mwanawe, ndi iwe?"

"Thirani chimanga!" chinabangula chimakina.

"Ndi moni wa kumeneko," anatero a Chidothi. "Muyankhe kuti zikomo."

"Zikomo," anatero a Nazimbiri, maso ali pa amuna awo.

Azakhali a Felesiya anagwada kudzapereka moni. "Mwayenda bwanji, bambo?"

"Mgaiwa kapena woyera?"

"Akufunsa za nsima ya alendo," anatero a Chidothi. "Anthu ophunzira amakonda dongosolo."

Ng'oma zinalira, akuchimuna akulowa. Patsogolo tambala, pambuyo Yotamu, ndipo pakati amuna anayi atasenza benchi pamapewa. Yotamu analibe m'bale wina womuimira koma achimwene ake a padepoti. Achimwenewo anali atakana kutsika, choncho anthu anangozula benchi n'kulikweza basi. Pamwamba pake panakhala kamnyamata ka malaya osuluka, miyendo ili lendelende, kakuyang'ana uku ndi uku ngati kakudziwa mitengo ya pamudzipo.

Benchi litatera pabwalo, kamnyamatako kanamwetulira.

"Amayi, muli bwanji?"

Ng'oma zinaleka.

"Ababa, zitumbuwa zija munazipeza?"

"Kameneka sindikadziwa!" anakuwa a Chidothi. "Wathu ndi uyu wa suti!"

"Wotsatira!" chinabangula chimakina.

A Nazimbiri anayenda pang'onopang'ono mpaka pabenchi. Anagwira kamnyamatako kumaso, anagwira makutu, anagwira malaya amene anasoka okha.

"Sinoya, kumwezi kuli bwanji?"

"Sindinafikeko, amayi. Ndimangouona ndili pabenchi."

"Sukulu?"

"Sukulu yanji?"

"Nanga chiwindi?"

"Chiwindi chanji, amayi?"

Azakhali ndiwo anayamba. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje, koma phwete linatulukira m'mphuno. Kenaka bwalo lonse linagwa nazo. Oimba ng'oma anagubuduka m'fumbi. Mayi wina anakhala pa lichero la mpunga osadziwa. Tambala anapulumuka n'kukatera pa chipewa cha chimakina, chimakinacho n'kumufunsa ngati akufuna mgaiwa kapena woyera. Felesiya ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, akuti, "Ine kuloza kumwamba moyo wanga wonse, achimwene ali pa Chimwala!"

A Nazimbiri okha sanaseke.

"A Chidothi, uzani mwana atsike."

"Mayi, tikambirane kuseri..."

"Uzani mwana atsike."

"Tsika," anatero a Chidothi, mawu ali pansi.

Sinoya anayesa. Mawondo analira ngati chitseko cha nkhokwe. Wina anathamanga ndi mafuta ophikira, anathira bondo ili, anathira bondo ilo, ndipo mwana anaponda pansi. Anayenda mapazi atatu n'kugwera m'manja mwa amayi ake.

Tsopano panabuka funso: nkhoswe wa kuchimuna ndi Sinoya, nkhoswe wa kuchikazi ndi Sinoya, nanga nkhuku asinthana ndi yani? Akuluakulu anakangana, koma Felesiya anati mpunga ukuzizira. Choncho Sinoya anapana tambala kukhwapa la kumanja, msoti kukhwapa la kumanzere, anadzipatsa moni, anadzifunsa ngati mnyamatayo ndi wakhalidwe, nadziyankha kuti, "Ndi wakhalidwe, kungoti amaliza mkonono." Anasinthanitsa nkhuku m'makhwapa, nthungululu zinalira, chinkhoswe chinatheka.

Anthu akudya, a Nazimbiri analowa m'nyumba. Anatuluka ndi bulangete lopindapinda, naliika pamapazi a amuna awo. Sanakuwe, sanatukwane.

"Njira ya kwanu simunaiwale."

A Chidothi anayang'ana nyumba, anayang'ana mango, anayang'ana khola. Palibe anawaimira. Atawerama kuti anyamule bulangete, anapeza Sinoya walisenza kale pamutu.

"Ndikuperekezani, ababa. Kwanu n'kutali, ndipo mwakalamba."

Anayenda awiriwo, wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo. Pachitsime azimayi anafunsa, "Ulendo wa kuti, a Chidothi, chikondwerero chili m'kati?"

"Kukaona odwala."

"Awathamangitsa," anatero Sinoya.

Pamlatho anafunsa asodzi. "Awathamangitsa." Pamsika anafunsa ogula mbuzi. "Awathamangitsa. Anandisiya padepoti zaka makumi awiri."

"Iwe, bwerera!" anachonderera a Chidothi. "Ndikupempha, bwerera kwa amako!"

"Ndibwerera ndikakufikitsani pakhomo, ababa. Munthu sasiyidwa panjira."

Ndipo anawafikitsadi, midzi isanu ndi inayi, mudzi uliwonse n'kumva nkhani yonse.

Phunziro lake ndi ili: mwana ukangomupatsa dzina, wasiya kukhala katundu, ndipo sungamubweze kapena kumuiwala pabenchi. Wamalonda uja anapita ndi nkhuku imodzi. A Chidothi analipira nyumba, mango, khola, mkazi, ndi mbiri yawo m'midzi isanu ndi inayi, moti mpaka imfa yawo palibe anagulanso mbuzi kwa iwo, ngakhale yabwinobwino.

Nthano ndakupatsani yonse, yathera pompa, ndipo siibwezedwa.