Chinyumba Chosungiramo Katundu cha a Gwedeza

A Gwedeza, mwini malole asanu, ankafuna kumanga chinyumba cha zipinda zambiri zoti anthu azichita lendi n'kumasungiramo katundu. Malo omangapowo, oyandikana ndi dimba la Mayi Nankhoma, anawagula ali m'galimoto, akungoloza ndi chala pawindo.

Atamva kuti akomiti ya mapulani akubwera kudzayendera, anapita kwa mayiwo.

"Mawa mukawauze kuti pano mpouma. Mukapanda kutero, njira yanu yakudimba nditseka ndi waya."

"Ndamva, bwana," anatero Mayi Nankhoma.

M'mawa mwake wapampando wa komiti anafunsa, "Amayi, kodi madzi amadikha pano?"

Mayi Nankhoma anagwada. "Bwana, mawu a ine wogulitsa tomato angalowe mu fayilo ya boma? Eni malo ali pompano. Ulemu wake ngwakuti atsogole okha, akuonetseni zikhomo zonse zinayi za malire."

Akomiti anavomera. A Gwedeza anayang'ana udzu wobiriwira, wosalala ngati bwalo la mpira, nanyamuka mwamatama. Asanapite patali, matope anawameza mpaka m'mawondo. Poyesa kuzula mwendo, anatitimira mpaka m'chiuno, achule ali balala!

"Pitirizani, bwana!" anafuula mayiwo akuomba m'manja. "Chikhomo choyamba chili patsogolo pang'ono!"

"Ndikokeni, mayi inu!"

Mayi Nankhoma anatambasula mpini wa khasu, koma osaufikitsa. "Nanga njira ija?"

"Njanu mpaka kalekale!"

"Alembi, mwamva?"

Mlembi wa komiti, misozi ya phwete ili mbwembwembwe, analemba zonse ziwiri: pulani yakanidwa, njira siitsekedwa.