Njere Zakuda za M'machewere

Ana inu, mwambi umene ndikusimbireni lero unachokera pakhomo pa Tembenu, mkamwini wina wa kuchigwa. Chaka chimenecho mvula inachita kunyanya, ndipo ngala za machewere zinkadontha timadzi tonanda, totsekemera ngati uchi. Pokolola, pakati pa njere zabwino panali zina zakuda, zazitali. Anthu anangoti ndi machewere okhwimitsa.

Nankhoma, mkazi wa Tembenu, anali ndi khanda. Amayi ake ankamuphikira thobwa la machewere omwewo kuti mkaka uchuluke, koma m'malo mochuluka unauma. Zala zake zinkachita dzanzi, mutu waziii. Akamuwonjezera thobwa, zinthu zinkaipiraipira. Mwana analira mpaka mawu kutha.

Wina anati ndi mfiti, wina anati ndi mizimu. Apongozi a Tembenu anagamula okha.

“Bambo, mwamusempha mwanayu. Nenani kumene munapita.”

“Amayi, ine sindinapite kulikonse.”

“Nanga mkaka wathawa chiyani? Mukapanda kuulula, nyamulani mphasa yanu.”

Tembenu anasokonezeka zedi, mwakuti anayamba kudzikayikira yekha, kuti kapena analakwa kutulo. Munthu wosalakwa mpaka kufunsa mtima wake ngati ukumubisira kanthu, chisoni chake!

Atamanga katundu, anakhala pachitsa pafupi ndi pamene Nankhoma ankatayira madzi oviika machewere masiku onse. Bakha anafika, n'kuyamba kusefa matopewo ndi mlomo. Mukumudziwa bakha, samasankha, amameza ndi nyansi zomwe. Koma njere zakuda zija ankazilavula. Kenaka nkhuku zinabwera n'kutola zonse. Tembenu anaziyang'anitsitsa: malipombo azo anali atada ngati opsa, ndipo anakumbukira kuti zinaleka kalekale kuikira.

“Amayi, tabwerani muone. Nkhukuzinso ndazisempha ine?”

Apongozi anayang'ana bakha akulavula njere zakuda, anayang'ana nkhuku zikuzitola, kukamwa yasaa. Tsiku lomwelo anathira machewere m'madzi a mchere, zakuda zonse zinayandama, n'kuzitaya kudzala. Anapempha mayi wina woyamwitsa kuti athandize khandalo, ndipo patapita masiku mkaka wa Nankhoma unabwerera. Lero tikudziwa kuti njere zija sizinali machewere ayi. Kanali kabowa komera m'malo mwa njere, kokhala ndi ululu umene umafinya mitsempha ya magazi ndi kuumitsa mkaka.

Pomasula mphasa ya mkamwini wawo ndi manja awoawo, apongozi aja anati, “Pepani bambo. Chalaka bakha nkhuku singatole. Ife tinatola.”

Tanthauzo lake ndi ili: chinthu chikakanika amene ali ndi mphamvu kapena luso kuposa iwe, usachithamangire. Yamba wafunsa chimene iye wachisiyira, chifukwa pakhomo paja padatsala pang'ono kuti mwana amwalire, bambo akenso athamangitsidwe.