Magalasi Pansi pa Makoko

Pakhomo la kuseri kwa lesitilanti ya mayi wina panali mabini awiri ochokera ku khonsolo. Lobiriwira linali la makoko ndi zakudya zotsala, zokapangira manyowa, ndipo lole inkalitenga tsiku lililonse. Lakuda, la zinyalala zosaola, linkadikira Lachisanu. Anthu a khonsolo anafotokoza zonsezi mpaka kuuma kukhosi, mayiyo akungogwedeza mutu, maso ali pa mapoto ake.

Bini lakuda likadzaza, iye sankavutika. Mabotolo osweka ankawaponya m'lobiriwira, n'kufunditsa masamba a kabichi pamwamba.

Mlongo wake wamng'ono ankagwira ntchito kumalo opangira manyowa. Atakhala zaka zinayi akuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito, anapeza imeneyi, yosankha zinyalala ndi manja pa lamba wa makina. Tsiku lina atabwera kudzacheza, anavundukula bini lobiriwira lija.

"Achemwali, izi zimafikira m'manja mwathu. Magolovesi amene timavala ndi opyapyala."

"Iwe, tauni yonseyi, galasi langa n'kudzapeza iweyo? Khala pansi udye."

Lachiwiri lina shelefu ya kukhitchini inagwa ndi matambula makumi awiri, komanso mbale zake za mkombero wofiira. Bini lakuda linali litadzaza kale. Mayiyo anasesa, nathira zonse m'lobiriwira, nafunditsa bwinobwino ndi makoko a mbatata. Ulesi wake unali waukhondo ndithu.

Mawa lake masana anamuimbira foni kuchokera kuchipatala. Anapeza mlongo wake ali gone, dzanja lamanja lili m'mabandeji mpaka m'chigongono. Dokotala anati mitsempha yaduka, zala zitatu sizidzapindikanso.

"Anthu ndi oipa," anatero mayiyo. "Ndani wachita zimenezi?"

Ndi dzanja lamanzere, mlongo wakeyo anatsegula kabati ya pambali pa bedi, natulutsa kachidutswa ka mbale kamene anzake anatola pa lamba paja. Kanali ndi mkombero wofiira.

Mayiyo analira mpaka manesi anamutulutsa.

Ntchito ija inatha. Masiku ano mlongoyo amakhala kwa mchemwali wake, ndipo m'mawa uliwonse mayiyo amagwada kumumangira zingwe za nsapato. Mlongoyo sanamukalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho n'chimene chimamudya mayiyo mumtima. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.