Sopo wa aNasibeko

Panali mayi wina wachikulire, aNasibeko, amene ankakhala m'nyumba ya pakati m'malayini a ogwira ntchito kunjanji. Anali masiku aja tinkadziwa nthawi ndi kulira kwa sitima, ndipo sopo tinkamudula ndi mpeni n'kumuyanika padenga kuti asathe msanga.

Kumanja kwawo kunkakhala amake Lonjezo, mayi wa mpingo. Kumanzere kunkakhala amake Dalireni, mkazi wa makaniko. Awiriwa anali pachinzake kuyambira ali atsikana. Ankapatsana mchere ndi moto, ndipo chingwe choyanikira zovala chinali chimodzi.

Tsiku lina amake Lonjezo anapatsidwa nsalu yoyera ya patebulo la mgonero kuti aichape. Anaichapa n'kuiyanika. Mnzawo uja, posayang'anitsitsa, anakoleka pambali pake ovololo ya mwamuna wake. Mphepo inawomba, ndipo mafuta akuda a injini anapakika pansaluyo.

Mawu anatuluka amene sakanayenera kutuluka. Chingwe chinadulidwa pakati. Koma banja la makaniko linali litauzidwa kale kuti lisamukira kutali Loweruka, ndipo zinaoneka kuti awiriwa asiyana osatsanzikana.

ANasibeko sanasankhe mbali. M'mawa ankakhala pakhonde la uyu kumuthandiza kusadzula masamba, masana pakhonde la uyo kumuthandiza kumanga katundu. Kumpope anthu anayamba kuwanena.

"Koma aja ndi nthirakuwiri," ankatero. "Uku aseka, uko aseka. Mtima wawo uli kuti?"

Lachisanu aNasibeko anapeza amake Lonjezo akulira pamwala wochapira. Anali atatsukuluza nsalu ija m'madzi mpaka zala kuyera, koma banga linali pomwepo.

"Mwanawe, madzi okha sangathe," anatero aNasibeko. "Madzi amagwirana ndi madzi anzawo. Mafuta sawadziwa."

Anatsitsa padenga kasopo kawo kotsiriza. Anapaka pabangapo mofatsa, n'kudikira, n'kufikisa. Thovu linada, nsalu inayera. Kenaka anaiyang'ana, yaitali ndi yolemera ndi madzi, n'kukweza mawu.

"Amake Dalireni! Tabwerani kuno, mikono yanga yatha ntchito."

Anabwera akuyang'ana pansi.

"Gwirani uko. Inu amake Lonjezo gwirani uku. Finyani."

"Amayi, ine ndingathe ndekha," anatero amake Lonjezo.

"Mungathe, inde, mukamera mikono inayi. Finyani, dzuwa likupita."

Anapotokola, wina cha uku, wina cha uko. Nsalu ikamapotoka imafupika, ndipo anapezeka atayandikana mpaka mitu kugundana. Amake Dalireni ndi amene anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. Madzulo ake analumikiza chingwe chija ndi mfundo. Loweruka amake Lonjezo anasenzera mnzawo mtolo mpaka kusiteshoni.

Ana anga, kusukulu amaphunzitsa kuti sopo amapangidwa ndi tizinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi mutu ndi mchira. Mutu umagwira madzi, mchira umagwira mafuta. Kakanakhala ka mutu wokhawokha, kakanangosungunuka m'madzi, banga n'kutsala. Kakanakhala ka mchira wokhawokha, kakanangokhala mafuta enanso. Mphamvu yake ili m'mapangidwe akewo, kuti kagwire uku ndi uku osataya mbali ina.

Choncho mukaona munthu akukhala pakhonde la onse awiri amene akangana, musafulumire kumutcha nthirakuwiri. Yambani mwaona chimene wanyamula. Wina amanyamula mawu a uku kukawathira uko. Wina amanyamula kasopo kake kotsiriza. Ndipo kumbukirani kuti sopo akagwira ntchito yake amachepa. ANasibeko sabata imeneyo anachapa zovala zawo ndi madzi okha, ndipo palibe amene anawathokoza.