Ntchefu Amene Mlenje Sankamufuna

Kalekale, tchire lisanathe monga latheramu, Ntchefu adaima pamaso pa Gwape n'kumufunsa kuti, "Iwe Gwape, mlenje uja amakukondera chiyani?"

Gwape adasiya kutafuna. Adayang'ana m'mwamba, poti polankhula ndi Ntchefu umachita kupinda khosi.

"Mwati bwanji, atsibweni?"

"Ndati amakukondera chiyani? Nyanga ulibe, timinga tokhatokha ito. Mafuta ulibe. Ukaima m'udzu suoneka n'komwe. Koma munthu amadzuka mame ali mbwee, kusiya mkazi wake, kudzafuna iwe!"

Ana inu, senderani kuno mumve bwino, ndipo akuluakulu musawodzere. Iyo idali nyengo ya mfuti. Udzu ukauma, anthu ankatentha tchire lonse kuti psiti. Pakapita masiku, pa lupsa paja pankaphuka msipu wanthete, ndipo nyama zinkatuluka kukadya poyera, popanda pobisala. Ndiyo nthawi imene alenje ankatsitsa mfuti zawo kutsindwi n'kuzipukuta ndi kansanza ka mafuta.

Mlenje wa tchire limenelo adali Kaliwo. Mfuti yake idali ya gogodela, ija yothira onga kukamwa n'kugogoda ndi kamtengo, yolira kamodzi n'kukhala duu mpaka uidyetsenso. Koma luso lenileni la Kaliwo lidali pa tsamba. Ankakhala kuseri kwa chulu, kupinda tsamba pamilomo, n'kuliza kuti pyee, pyee, ngati mwana wa gwape wogwidwa mwendo. Gwape wamkazi akamva zimenezo, miyendo inkathamanga mutu usanaganize. Kenako phuu! Mkulu wake wa Gwape uyu adapita choncho.

Nanga Ntchefu? Ntchefu Kaliwo sankamulozetsa mfuti ngakhale mwangozi. Pajatu ntchefu si nyama yongopha. Munthu akaipha alibe mankhwala ake, magazi a nyamayo amam'kwera m'mutu, maso amafiira, n'kuyamba kuthamangitsa abale ake omwe. Matenda amenewo amatchedwa chirope, ndipo Kaliwo mankhwala a chirope adalibe. Ndiye akakumana ndi Ntchefu, ankatsitsa mfuti, kupatuka m'njira, maso pansi, ngati mkamwini wakumana ndi apongozi.

Wina akadathokoza. Ntchefu zinkamudya mumtima.

"Dzulo ndinaima pamaso pake," adatero Ntchefu. "Ndinatembenukira uku, ndinatembenukira uku, kuti aone nthiti zonse. Iye ziii. Anagwada pansi n'kumasisita timapazi tako ndi chala. Tako! Kenako n'kukakuimbira nyimbo."

"Si nyimbo ija, atsibweni. Ndi imfa."

"Ee, onse okondedwa amatero, kuti anzawo asalaweko."

Tsono Gwape adali ndi mwana wamkazi, wa miyendo yagwedegwede, amene adamubisa m'kachitsamba kamodzi kamene moto udakalumpha. Tchire lonse lidali lakuda bii, kachitsamba kokhako kali kobiriwira. Ntchefu adaganiza kuti akakhala pafupi ndi wokondedwa, naye aonedwa. Adasamukira pomwepo. Ndipo poti kukamwa kwake sikunkadziwa kupuma, adayamba kukadya kachitsambako, khwathu, khwathu.

"Atsibweni, mwana ali m'menemo."

"Kamwana kako n'kakang'ono. Tsamba limodzi likakwana."

Adali wadyera, inde. Komabe Gwape adaona kuti nthawi zonse Ntchefu akamazungulira chitsambacho, ankayamba wasuzumira pansi asanaponde, n'kulambalala pamene padagona mwanayo. Mwina mwini wakeyo sankadziwa kuti akutero. Gwape adazisunga mumtima.

Koma chitsamba chinkatha. Ndipo mapazi a Ntchefu, aakulu ngati mbale, adapanga msewu wochokera kumtsinje kufika pakhomo pa Gwape. Kaliwo adali munthu wa maso. Lero ankakhala pa chulu cha kutali, mawa pa chulu cha pafupi, mawa linalo pafupi kuposa apo. Tsamba likalira kuti pyee, pyee, Gwape ankakanikiza mphuno pa msana wa mwana wake, kuti miyendo yake idziwe kuti wolirayo si uyu.

Kutsidya la mtsinje kudali bango lowirira, kumene moto sufika. Gwape ankafuna kusamutsira mwana kumeneko. Koma pakati padali lupsa lalikulu, loyera ngati bwalo, ndipo mwanayo ankayenda pang'ono n'kugwa. Usiku poyera paja pankayendayenda afisi. Masana padali Kaliwo. Gwape adaona kuti akufunika zinthu ziwiri: mfuti ija ikhale yopanda kanthu m'mimba, ndipo maso a Kaliwo akhale kwina kwa nthawi yaitali.

Adayang'ana Ntchefu akutafuna denga la mwana wake. Adapumira m'mwamba mokweza, kuti amveke.

"Wausa moyo bwanji?" adafunsa Ntchefu.

"Palibe, atsibweni. Ndimangoganiza za nyimbo yanga ya mawa."

"Yako! Anakulembera pamphumi?"

"Ndi ya amene amayankha. Inu mumangodutsa, chikopa cha pakhosi chili lendelende, osapereka moni. Munthu amachita manyazi. Ife ang'onoang'ono akatiitana timapita."

Ntchefu adasiya kudya, chinthu chimene chidali chisanachitikepo.

"Ndiye kuti ndikayankha ine..."

"Iyayi, atsibweni, chonde! Ndalakwitsa kunena. Inu muli ndi zonse, nyanga, mafuta, msinkhu. Ine ndili ndi mlenje yekhayu. Musandilande."

"Khala chete! Wadyerera nthawi yaitali. Mawa ndikupita ine. Tandiuza, umatani ukafika?"

Gwape adakanakana, adapukusa mutu, kenako adanena ngati wokakamizidwa. "Mudzere kumbuyo kwake, amakonda kudzidzimutsidwa. Muyende mwakachetechete, mawondo anu aja asalire. Koma nyimbo yoyamba ndi ya aliyense, ngakhale njiri imamva. Ya wokondedwa ndi yachiwiri. Musakachoke asanakuimbireni yachiwiri."

"Ndikachokerenji?" adatero Ntchefu, n'kupita kukadzikhula pamtengo kuti khungu liwale.

Kutacha, Kaliwo adafika ndi mfuti paphewa ndi kathumba ka kamba kamene mkazi wake adamukonzera, mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga. Adawaza phulusa m'mwamba kuti aone kolowera mphepo. Adakhala pa chulu choyang'anizana ndi kachitsamba kaja, pansi pa mtengo wa msuku. Adathyola tsamba.

Pyee! Pyee!

Diso lili pa chitsamba, chala chili pa mfuti. Adadikira. Kenako adamva mpweya wofunda pakhosi, fuu. Kenako lilime, lalikulu ngati chikwanje, lidamunyambita thukuta kuyambira m'khosi mpaka m'khutu, lapu!

Kaliwo adacheuka. Adaona mphuno. Pamwamba pa mphuno adaona maso. Pamwamba pa maso adaona nyanga zikupita kumwamba osatha.

"Mayo ine!"

Phuu! Mfuti idalira yokha, kuwombera mtambo umene sudalakwe kanthu. Utsi usanathe, Kaliwo adali kale pansonga ya msuku, osadziwa kuti wakwera bwanji.

"Ndabwera," adatero Ntchefu, akumwetulira.

"Pepani, agogo! Pepani ndithu! Sindimaitana inu!"

Nkhope ya Ntchefu idagwa. "Umaitana yani?"

"Ka... kagwape, agogo."

"Kagwape! Nthawi zonse kagwape!" Ntchefu adagunda mtengo ndi mutu, gu! Masamba adayoyoka. "Ine ndilibe nyama? Taona ntchafu iyi. Taona inayi. Imba!"

"Ndiimbe chiyani, agogo?"

"Yachiwiri!"

Kaliwo adathyola tsamba. Koma milomo ya munthu wamantha imauma. Tsamba lidangoti pfrrr.

"Gwape umamuimbira choncho?"

Pfrrr.

"Ndidikira," adatero Ntchefu. Adagona patsinde, adapeza kathumba kaja, adadya mbatata, adadya mtedza, pomaliza adadya kathumba komwe.

Nthawi yonseyo, kumbuyo kwawo, Gwape adali pa lupsa ndi mwana wake. Mwana ayende, agwe. Mayi amunyambite, amukankhe ndi mphuno. Adzuke, ayende, agwe. Phulusa lidamudetsa mwanayo mpaka adaoneka ngati chitsa chopsa. Kaliwo ali m'mwamba muja adawaona bwinobwino, awiriwo, poyera, pafupi. Adayang'ana mfuti yake ili pansi, yopanda onga, Ntchefu atatsamirapo. Adangomeza malovu amene adalibe. Gwape adawolotsa mwana pamiyala, bango lidatseguka n'kutsekanso.

Dzuwa litapendeka, tsamba la Kaliwo lidatulutsa kamawu kamodzi, pyee, kowonda ngati udzudzu. Ntchefu adadzuka, adadzinyadira, adapita. Kaliwo adatsika n'kuliyatsa liwiro la kumudzi.

Kumudzi nkhani idawavuta. Ntchefu yobwera yokha? Yonyambita munthu? Yomuonetsa ntchafu? Ena adati ndi malodza. Koma ambiri adati nyama yodzipereka chotero kuikana n'kulakwira mizimu. Adaitanitsa sing'anga wa kutali wodziwa za chirope. Amuna onse adasamba mankhwala, kudzoza ndi mfuti zomwe.

Tsiku la uzimba tchire lidadzaza. Amuna ndi mfuti, ena ndi mikondo, agalu ali huu huu. Kumbuyo kwawo amayi ndi madengu, madengu aakulu, ena atanyamula awiriawiri.

Ntchefu adaima pachitunda, adafuulira kutsidya. "Gwape! Iwe Gwape! Tatuluka uone! Iwe amakubwerera munthu mmodzi. Ine mudzi wonse! Ndi amayi omwe!"

"Atsibweni," adayankha Gwape m'bango muja, "madengu awo mukuti ndi a chiyani?"

"Mphatso!"

"Ali ndi kanthu m'katimo?"

Ntchefu adayang'anitsitsa. Adali asanayankhe pamene mfuti yoyamba idalira. Phuu! Kachitsulo kadaboola chikopa chake cha pakhosi, kulowa uku kutulukira uku. Phuu! Nsonga ya nyanga idauluka. Apo Ntchefu adamvetsa nyimbo ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Adathawa. Di, di, di! Koma ntchefu ndi nyama yonenepa, liwiro lake silikhalitsa. Ndipo uyu m'mimba mwake mudali chitsamba chathunthu. Alenje adatsalira kugogoda mfuti zawo, koma agalu sagogoda kanthu. Adamufika m'miyendo. Akadamuimitsa pamenepo, amuna aja akadamupeza.

Gwape ankamva zonse. Mwana wake adali kuyamwa, kamchira kali pinipini. M'bango mudali bwino, mozizira, mopanda womuona. Akadatha kungokhala. Atatuluka osabwerako, ndani akadamuyamwitsa ameneyu? Adayang'ana mwana. Adamvetsera kupuma kwa Ntchefu kutsidya, hefu, hefu. Adaganiza kuti, kamwana aka kakuyamwa lero chifukwa chitsiru chija chinagona tsiku lonse pa mfuti, ndipo ndinachitumako ndine.

Adamugoneka mwana, adamunyambita pamutu. "Usayankhe aliyense," adatero. Adatuluka.

Adadutsa pamphuno pa agalu akutsimphina, ngati wothyoka mwendo. Galu ndi galu basi. Ataona kanyama kopunduka, kosavuta, adaiwala chinyama cha nyanga. Onse khamu pambuyo pa Gwape! Iye akhotere uku, agalu apitirire. Akhotere uko, agalu agundane. Adawatengera kutali, kumiyala, kuminga ya mthethe, kumene munthu wa mfuti salowa. Galu mmodzi adamugwira khutu, Gwape adamusiyira nsonga yake n'kulowa m'mphanga yopapatiza. Agalu adauwa mpaka mawu adasasa. Eni ake adawaitana, adatukwanizana, adamunena Kaliwo kuti adalota ali mumtengo. Amayi adabwerera ndi madengu awo atawavundikira kumutu, poti dzuwa lidali loswa mtengo.

Ntchefu adali atawoloka mtsinje. Adaima, adacheuka, adaona fumbi la agalu likupita kwina.

"Taonani!" adatero. "Ngakhale agalu!"

Madzulo Gwape adafika m'bango, khutu likuchucha magazi, thupi lonse zokandika. Adapeza mwana ali pomwe adamusiya. Pafupi pake padaima Ntchefu, mphepo ikuliza kabowo ka pakhosi pake. Bango lozungulira mwanayo adali asanalidye, ngakhale ankaliyang'ana.

"Iwe Gwape," adatero Ntchefu, "ndiwe woipa mtima. Tsiku langa limodzi lokhali, wandilanda agalu anga."

Gwape adagwada kuti mwana ayamwe.

"Pepani, atsibweni," adatero. "Sindidzachitanso."

Nthano yanga yafika kumchira, ndipo chinangwa chathu chili paphulusa, amene ali pafupi achiphule chisanapserere. Koma inu nonse, ana ndi akulu omwe, mukaona mnzanu akufunidwa m'mawa ndi madzulo, mtima usafulumire kuwawa. Muyambe mwaona chimene omufunawo anyamula paphewa.