Mafunso a Mayeso Anatulukira Kometetsa

Aphunzitsi a masamu sankakonda kukhala manja lende. Tsiku lina atapeza mzere wautali kometetsa, anatsegula laputopu pamaondo kuti atumize mafunso a mayeso ku tsamba la pa intaneti la sukulu. Waifai yaulere inalipo, yotchedwa dzina la malo ometerawo.

Tsamba lisanatseguke, panatulukira chenjezo lofiira lakuti chiphaso cha tsambalo n'chosadalirika. Anakanda m'mutu. Nambala ya mlamu wawo, katswiri wa makompyuta, inali m'foni momwemo, koma anangoti, "Ndivutitse munthu chifukwa cha kabatani?" Anadina polembedwa kuti pitirizani, nalemba pasiwedi, natumiza.

Mayeso atalembedwa, zotsatira zake zinawaimitsa mutu. Ana amene masamu amawaona ngati mkango anakhoza zonse, mayankho ofanana ngati mapasa. Ahedi atafunsa kumene mafunso anadonthera, aphunzitsi anakumbukira chenjezo lofiira lija. Anabwerera kwa wometa kukafunsa za waifai ija.

"Waifai?" anaseka wometayo. "Bwana, ine ndili ndi lumo ndi galasi basi."

Apa ndi pamene aphunzitsi anaitana mlamu wawo uja. Mwamwayi laputopu inali itasunga chiphaso chomwe anachivomereza.

"Alamu, chiphasochi chili ngati chitupa," anatero katswiriyo. "Werengani. Chaperekedwa kwa ndani, ndipo wachipereka ndani?"

Aphunzitsi anasendeza mpando, nakonza magalasi. "Dzina ndi limodzi konsekonse!"

"Ndiye kuti mwiniwake anadzisainira yekha, palibe bungwe lodziwika lomuchitira umboni. Munthuyo anakhala pakati pa inu ndi sukulu. Zimene mumatumiza zimayamba zafika kwa iye, awerenge, kenako azipititse ngati palibe chachitika."

"Nanga si amati zotumiza pa tsambali zimakhala zokhoma?"

"Zinakhomedwadi, koma kiyi anali wake."

"Ndiye kuti tinali naye pa benchi limodzi?"

"Kapena m'galimoto panja. Dzina la waifai aliyense akhoza kubwereka."

Aphunzitsi anafunsa mafunso mpaka tiyi anazizira, ndipo pasiwedi anaisintha pomwepo. Koma madzi akatayika saoleka. Mayeso anathetsedwa, ana osalakwa analembanso akung'ung'udza, ndipo aphunzitsiwo anachotsedwa m'gulu lokonza mayeso. Amene anagulitsa mafunsowo sanapezeke.

Masiku ano chenjezo likangotulukira, amaitana aliyense ali pafupi kuti aonere limodzi amene wasainira chiphasocho. Anzawo akamawaseka, iwo amangoti, "Sekani, koma safunsa anadya phula."